Anali mu khonsolo ya yunivesite, nde ankatani kwenikweni?

Mwezi wathawu tinali pa maliro kwathu kuno cha ku Linthipe, tikuika mkulu wina amene anagwira ntchito m'boma zaka zambirimbiri asanabwerere kumudzi kudzalima mbatata. Kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, aliyense anali atadzikuta, azimayi zitenje mpaka kumutu. Wowerenga mbiri ya malemu anafika pena nkunena kuti malemuwa anatumikiranso ngati membala wa khonsolo ya yunivesite. A malume anga amene tinakhala benchi limodzi anandikodola ndi chigongono, amvekere "iwe mphwanga, munthuyu anakhalapo khansala? Anaimira wodi iti, ine bwanji sindinamuvotereko?" Ndinangoluma mlomo poti pa maliro saseka, ndinati malume tikambirana pobwerera.

Nde zomwe ndinawauza panjira ndi zimene ndikulemba apazi, kungoti pano ndawonjezera, chifukwa ndaona kuti si a malume okha, ngakhale ma graduate ambiri amene anakhala zaka folo pa Chanco kaya pa Bunda sadziwa kuti khonsolo imatani. Amangoimva dzina tsiku lomwe fizi yakwera kapena sukulu yatsekedwa.

Liwu loti khonsolo ndi limene limasokoneza. Ife tinazolowera khonsolo ya pa boma, ija imadula ziphaso mu msika ndi kukangana ndi mavenda. Ya yunivesite ndi ina, mulibe makhansala, mulibe mawodi, palibe kuvota kwa ine ndi inu. Ku America anthu okhala mu gulu ngati limeneli amawatchula kuti ma trustee, madera ena amati ma regent, ife tinatengera kwa a Britain amene amati council. Koma ntchito ndi imodzimodzi, ndipo liwu la trustee lija ndi limene limalongosola bwino: munthu amene wasungitsidwa chinthu chomwe si chake. A malume ndinawafunsa kuti ng'ombe zija anasiya mlongo wawo, zomwe zili mu khola mwawo, ndi zawo? Anati ayi ndi za ana. Mungagulitse imodzi kuti mugulire njinga yamoto? Anati mudzi wonse ungandidye. Ndinati basi nde mwamva kale, mwinimbumba amasunga, amalamula, amatha kukaniza ngakhale mwana amene ndi mwini wake kuti usagulitse pano dikira, koma iyeyo sadyapo. Membala wa khonsolo ndi mwinimbumba wa yunivesite, ng'ombe zake ndi malo, nyumba, ndalama, dzina la sukulu, ndipo eni ake ndi a Malawi kuphatikizapo amene sanabadwe.

Pa yunivesite ya boma pali mitu ingapo ndipo anthu amaisakaniza. Pali Chansela, amene kuno kwathu chiyambire amakhala pulezidenti wa dziko, uyu timamuona tsiku la graduation atavala mkanjo. Pali Vice Chancellor, uyu nde amayendetsa sukulu tsiku ndi tsiku, ngati ahedi. Pali seneti, gulu la maprofesa ndi akuluakulu a zamaphunziro, iwowa ndi amene amaona zoti kosi iyi iphunzitsidwe bwanji, mayeso ayenda bwanji, uyu wakhoza uyu wawidedwa. Kenako khonsolo, imene ili pamwamba pa zonse zokhudza chuma, malamulo ndi anthu ogwira ntchito. Lekichara bwana wake weniweni pa lamulo ndi khonsolo. Mukaisumira yunivesite ku khothi, amene amakayankha ndi khonsolo. Bajeti imavomerezedwa kumeneko, fizi imakhazikitsidwa kumeneko, Vice Chancellor amasakidwa ndi kuunikidwa kumeneko. Koma membala wa khonsolo alibe mphamvu yolowa mu kalasi nkunena kuti mwana uyu mumupatse 60, ndipo payekha alibe mphamvu ina iliyonse, mphamvu zake zimakhalapo pokhapokha akhala pansi ndi anzake pa msonkhano nkugwirizana chimodzi. Akatuluka panja ndi munthu wamba ngati ine.

Amalowamo bwanji? Palibe amene amayamba ntchito ali mnyamata nkumati ine ndikufuna kudzakhala wa khonsolo, ayi, uwu ndi udindo umene umakupeza utayenda kale. Ena amalowa chifukwa cha mpando umene ali nawo, monga mlembi wamkulu wa ku unduna wa zamaphunziro ndi wa ku Treasury, Vice Chancellor mwini wake, oimira seneti, oimira ophunzira. Ena amachita kusankhidwa kuchokera kunja, ma akauntanti, maloya, mainjiniya, madokotala, abusa kaya ansembe, anthu a bizinesi, amene anapuma m'boma. Cholinga chake nchakuti pa tebulo pakhale wina wodziwa kuwerenga mabuku a ndalama, wina wodziwa malamulo, wina woti akamva kontirakitala akunama za mtengo wa simenti adziwe kuti apa tikunamizidwa. Si ntchito ya salale pakutha pa mwezi, amalandira alawansi ya msonkhano ndi ya mayendedwe, ndipo amakhalamo zaka zowerengeka kenako nkusintha. Rejisitira wa yunivesite ndi amene amakhala mlembi wawo.

Malemu aja ndinawapezapo tsiku lina pakhonde pawo zaka zapitazo, ndikukabwereka sipuleya yopopera mbatata. Anali ndi chimulu cha mapepala chonenepa ngati Baibulo la paguwa, magalasi ali pamphuno, rula m'manja akutsika nayo mzere ndi mzere, pambali kapu ya tiyi itazizira kalekale ntchentche ikuyenda m'mphepete. Msonkhano unali sabata yotsatira. Anandiuza kuti ambiri amatsegula mapepala amenewa ali kale mu galimoto, ena ali kale pa tebulo, ndipo kuti nkhani yovuta siikidwa koyambirira, imaikidwa kumapeto kwa ajenda nthawi yoti aliyense watopa akuganiza za nkhomaliro ndi envulopu. Ine nthawi imeneyo ndinkangofuna sipuleya, sindinazimvetse. Pano ndikuona kuti ntchito yonse ya udindo umenewu inali pa rula paja. Zambiri zimaphikidwa m'makomiti ang'onoang'ono, ya zachuma, ya ma odita, ya zolemba ntchito ndi chilango, ya zomangamanga, khonsolo yonse imangokumana kangapo pa chaka. Nde ngati sunawerenge, umangokweza dzanja pa zinthu zimene ena anamaliza kale.

Tsopano ife a ku Dedza nkhani imeneyi sitiyenera kuimva ngati yachilendo, chifukwa munthu amene anakhala wapampando wa khonsolo ya University of Malawi kwa zaka zambiri m'nthawi ya Kamuzu ndi mwana wa konkuno, a John Zenus Ungapake Tembo. Anthu amawakumbuka ngati andale basi, koma taonani njira imene anayenda. Anabadwa mu 1932, mwana wa abusa, anakaphunzira ku Roma ku Lesotho nthawi imene dziko lino linalibe yunivesite ngakhale imodzi, anabwerako nkukhala mphunzitsi wa ku sekondale. Mu 1961 analowa ku nyumba ya malamulo. Pa chisokonezo cha nduna cha 1964, pamene a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi anzawo anasemphana ndi Kamuzu, iwo anatsala mbali ya Kamuzu, ndipo anakhala nduna ya zachuma. Kuyambira 1971 mpaka 1984 anali gavanala wa Reserve Bank. Pamwamba pa izo anali wapampando wa mabodi a makampani ambiri, ndiponso malume awo a Mama Cecilia Kadzamira. Matipate atabwera anazengedwa mlandu wa kuphedwa kwa andale anayi ku Mwanza pamodzi ndi Kamuzu mu 1995 khothi nkuwapeza osalakwa, anatsogolera MCP, anapikisana nawo pa upulezidenti mu 2004 ndi 2009 osapambana, mu 2013 mpando wa chipani unapita kwa a Chakwera, ndipo anamwalira mu September 2023 ali ndi zaka 91.

Pa pepala, munthu ngati ameneyu ndi amene yunivesite iliyonse ingamufune pa mpando: anagwirapo choko, amadziwa ndalama za dziko kuchokera ku gwero, akaimba foni ku Capital Hill palibe amene angamuuze kuti bwana atuluka. Ndipo tisaname, yunivesite inakula m'zaka zimenezo. Inakhazikitsidwa mu 1964, ophunzira oyamba analowa mu 1965 ku Blantyre ali pafupifupi 90 okha, mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, mu 1979 kunabwera Kamuzu College of Nursing, mu 1991 College of Medicine. Amene anaphunzira nthawi imeneyo amakamba za kudya ku kafeteriya ndi kulandira kandalama pamwamba, zinthu zomwe mwana wa lero wokhala mu kachipinda ka lendi ku Chikanda angaganize kuti ndi nthano.

Koma mbali inayo nayo ilipo ndipo ndi imene inandipangitsa kulemba. Khonsolo inaikidwa kuti izikhala pakati, mbali iyi boma limene limapereka ndalama, mbali iyi aphunzitsi ndi ophunzira amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso, ena mwa mafunsowo osakomera boma. Ili ngati mpanda. Nanga wapampando akakhala kuti iye mwini ndi mtima wa boma lomwelo, mpanda uli pati? Mu September 1987 apolisi anatenga a Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya English pa Chancellor College, nkukawatsekera ku Mikuyu popanda kuwazenga mlandu, anatuluka mu 1991. Sindikunena kuti uje ndi amene anawamangitsa. Ndikunena kuti funso loti wantchito wathu walakwa chani, mutibwezere, linali funso loyenera kuchokera kwa owalemba ntchito, ndipo khonsolo yomangidwa mwa mtundu umenewo sikanatha kulifunsa mokweza. Munthu sungakhale mbusa wa mbuzi komanso mlembi wa afisi, ngakhale utakhala wanzeru chotani.

Nkhani ya kota inayambanso nthawi yomweyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kusankha ana opita ku yunivesite potengera boma lochokera osati mapointi okha. Ophunzira ena anaitengera khonsolo ku khothi ndipo mu 1993 High Court inagamula mokomera ophunzirawo. Mu 2009 nthawi ya a Bingu inabwereranso, boma lililonse nkumayamba lapatsidwa malo 10, mpaka inathetsedwa mu 2020. Kaya inu munkaikonda kota kaya munkadana nayo, ndipo ndikudziwa kuno kwathu ambiri ankaiona ngati yotithandiza pamene abale athu a kumpoto inkawapweteka, chomwe ndikufuna muone ndi chakuti maganizo ankachokera ku ndale koma siginecha inkakhala ya khonsolo, ndipo ku khothi woitanidwa ankakhala khonsolo.

Wina anganene kuti izo ndi za chipani chimodzi, zinapita. Nde tiyeni ku 2011. Mu February chaka chimenecho mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitana a Blessings Chinsinga, lekichara wa zandale pa Chanco, kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka mu kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi forex kuno poyerekeza ndi zomwe zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Malekichara anati ngati mu kalasi muli akazitape ife sitiphunzitsa mpaka atitsimikizire ufulu wathu. Apa nde panali poti khonsolo iwonetse kuti ndi mpanda. M'malo mwake inachotsa ntchito malekichara anayi, a Jessie Kabwila, a Chinsinga, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin, nkhani inakhala ya ma injankishoni ku khothi, sukulu kutsekedwa kutsegulidwa kutsekedwanso, ana anakhala kunyumba miyezi yambirimbiri, mpaka mu October pamene a Bingu eni ake analamula kuti anayiwo abwerere. Mwaona pamene panathera? Amene anamasula mfundo ndi State House. Ine ndimakumbuka chaka chimenecho chifukwa mwana wa achemwali anga anangokhala pakhomo akugulitsa kabichi pa Lizulu, anthu nkumamuseka kuti yunivesite yake ndi imeneyi.

Koma tisawapachike onse, nthawi zina khonsolo imadedwa chifukwa chonena zoona. Ndalama imene boma limapereka siikwana, magetsi, madzi, malipiro, mabuku, zipangizo za mu labu zonse zimafuna ndalama, ndipo munthu amene wawerenga mapepala aja ndi rula amadziwa kuti ngongole zafika pakhosi. Mu 2016 khonsolo ya UNIMA inakweza fizi kufika K400,000, ana anachita zionetsero, misewu kutsekedwa, utsi okhetsa misozi, kenako a Peter Mutharika monga Chansela anadulako K50,000. Pulezidenti anaoneka wachifundo, khonsolo inaoneka yankhanza, koma dzenje la mu bajeti lija linatsala pomwepo ndipo oti alikwirire anali omwewo otukwanidwawo. Ine monga kholo fizi ikakwera ndimalira nawo, thumba la mbatata silikwera mtengo chifukwa choti ku Zomba akweza fizi. Koma ndikudziwanso kuti membala amene amangovomera zokomera anthu kuti asadedwe, akugulitsa ng'ombe za ana amasiye mwakachetechete, zidzaoneka patapita zaka khumi denga la laibulale likudontha.

Za kugawa yunivesite ndingodutsapo mwachangu. Bunda inachoka kale nkukhala LUANAR, Mzuni inatsegulidwa mu 1999, MUST ku Thyolo mu 2014, ndipo pa 4 May 2021 Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, Chanco nkutsala ndi dzina la UNIMA. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho khonsolo inayesa kuimitsa kugawaku, boma linati ayi zipitirire, ndipo zinapitirira. Kutanthauza kuti lero makhonsolo achuluka, mipando yachuluka, anthu ofunika kuwerenga mapepala achuluka. Palinso mayunivesite a mipingo, apa pa Ntcheu pompa pali Lakeview ya Malawi Adventist University, a Nkhoma Synod ali ndi yawo, Akatolika ali nayo ku Nguludi. Kumeneko osankha ndi mpingo osati pulezidenti, koma yesero ndi lomwelo, kodi ungawauze abusa akuluakulu amene anakuika pampando kuti ndalama ya fizi si ya chitukuko cha tchalitchi?

Vuto lalikulu kwa ine lili pa kasankhidwe. Boma likasintha mabodi a mabungwe a boma amathetsedwa, tinaziona mu 2020, ndipo mndandanda watsopano ukatuluka anthu amayamba kuwerenga kuti uyu anathandiza kampeni, uyu ndi wa mpingo wakuti, uyu ndi wa kwawo kwa akuti. Munthu amene walowa ngati kuthokozedwa zimamuvuta kukana amene wamuthokoza. Kwina anayesa njira zina, ku Michigan ku America ma regent a yunivesite ya boma amachita kuvoteredwa ndi anthu pa chisankho ndipo amakhala zaka 8, nde a malume sanalakwitse kwenikweni pofunsa za kuvota. Koma kuno titati tizivota ndikuona kale ma t-shirt ndi nsalu za chipani, zingakhale zomwezo kapena kuposa. Chomwe chingathandize ndi zinthu zosasangalatsa kumva: mipando izilengezedwa anthu nkufunsira, nthawi ikhale yokhazikika kuti boma latsopano lisamachotse onse tsiku limodzi, amene ali ndi kampani yofuna tenda pa sukulupo azituluka panja nkhaniyo ikamakambidwa, malipoti a ma odita azioneka poyera. Ndi kusiya kuunjika mipando khumi pa munthu mmodzi, mapanga awiri avumbwitsa, nanga khumi?

Pali chitsenderezo china chimene sichilembedwa mu lamulo lililonse, cha kumudzi. Munthu akangomveka kuti ali mu khonsolo, pakhomo pake m'mawa pamakhala anthu, wina wanyamula nkhuku, wina satifiketi ya MSCE ya mwana mu pulasitiki, wina akufuna ntchito ya ulonda kaya yosesa. Ndipo sabwera ngati akatangale ayi, amabwera ngati abale, ndi ulemu wonse, akugwada. Malemu aja pa nkhani imeneyi anthu ena kwathu ankawanena kuti ndi ouma mtima, ophunzira koma osathandiza. Ankati akalandira satifiketi ija amaiyang'ana bwinobwino, nkumuuza mwanayo makosi amene mapointi ake angalowe, momwe angalembere fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma, kuti akalowa akafunsire ngongole ku Loans Board, nthawi zina nkumupatsa ya thiransipoti ya m'thumba mwawo, koma foni yoti mulowetseni uyu ndi wanga sankaimba. Nkhuku ankabweza. Kubweza nkhuku kwathu kuno ndi mlandu, mukudziwa inu.

Pamene ndimamaliza zonsezi tinali titafika pa msewu wa tala, dzuwa likulowa, mphepo ya ku phiri ikuboola jekete. A malume anakhala chete kanthawi, kenako anati "nde ukutanthauza kuti akanakhala moyo, mdzukulu wanga uja wapeza mapointi 19 sakanamulowetsa?" Ndinati sakanatero malume, akanangomuthandiza kulemba fomu. Anapukusa mutu, amvekere "aaa, udindo wanji umenewo." Minibasi ya ku Lilongwe inaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo pamene anthu akhala anayi anayi, a malume anakwera nkundiuzira pawindo kuti Loweruka ndipite ndikamuonere mwanayo fomu ija asanaitumize.